Ma AP akuoneka ngati afa pa dashboard, koma alendo ali pa intaneti

Bambo wina amene amayang'anira netiweki ya loji ku Katoto watilembera za ma access point (AP), zida zofalitsa Wi-Fi, amene amawayang'anira pa dashboard, tsamba la pa intaneti la Meraki. Iwo akuti: "Tili ndi ma access point asanu ndi limodzi a Meraki. Magetsi akathima n'kuyakanso, dashboard imasonyeza kuti zida zonse zathima, pomwe alendo akulowa pa WhatsApp bwinobwino. Ndaika kale 8.8.8.8 mu DHCP koma palibe chasintha. Ndikulakwitsa pati?"

Bambo, mwakonza malo olakwika. 8.8.8.8 ndi adiresi ya DNS, seva yomasulira dzina la tsamba kukhala adiresi ya manambala, ndipo DHCP ndi njira imene netiweki imagawira zida ma adiresi yokha. DNS ya mu DHCP imapita ku mafoni ndi makompyuta a alendo. AP yopatsidwa static IP (adiresi yokhazikika yolembedwa pamanja) imakhala ndi DNS yakeyake, imene inalembedwa tsiku loikhazikitsa, ndipo zimene mwasintha mu DHCP sizikuikhudza n'komwe. Kuti ilankhule ndi cloud kumene kuli dashboard, AP imayamba yafunsa adiresi ya seva za Meraki pogwiritsa ntchito dzina. Yankho likapanda kubwera, imapitiriza kutumikira alendo ndi makonzedwe amene inasunga, koma pa dashboard imasowa.

Nthawi zambiri DNS yolembedwayo imakhala ya seva ya mu ofesi. Magetsi akabwerera, AP imadzuka m'mphindi zochepa, pomwe seva imachedwa, kapenanso imangokhala chothima mpaka wina aiyatse ndi dzanja. Ngati malo a DNS yachiwiri anasiyidwa opanda kanthu, AP ilibe kwina kofunsa.

Tsimikizani kaye. Lumikizani laputopu pa VLAN (gawo la netiweki) imene ma AP alipo, mulembe ping 8.8.8.8. Ikayankha, intaneti ilipo. Kenako lembani nslookup dashboard.meraki.com motsatizana ndi adiresi ya DNS yolembedwa pa AP. Ikakana, bwerezani ndi 8.8.8.8. Yoyamba ikalephera yachiwiri n'kuyankha, vuto mwalipeza. Zonse ziwiri zikalephera, pitani ku firewall, chida chololeza kapena kuletsa zodutsa pa netiweki: VLAN imeneyo iyenera kuloledwa kutuluka pa port 53, khomo la DNS, pa njira zonse ziwiri zotumizira deta, UDP komanso TCP. Ambiri amatsegula UDP yokha, kuiwala kuti mayankho aakulu amadutsa pa TCP.

Musavutike kukonza pa dashboard chida chimene sichikuoneka, chifukwa zimene mwasintha zidzangodikira mpaka chilumikizikenso. Lowani pa Wi-Fi ya AP yomweyo, mutsegule ap.meraki.com, kapena 10.128.128.126 dzinalo likakana. Pa Configure lembani ma DNS awiri. Ife timakonda kuika 8.8.8.8 ya Google poyamba ndi 1.1.1.1 ya Cloudflare pachiwiri, osati 8.8.8.8 ndi 8.8.4.4, chifukwa ziwirizi n'za kampani imodzi. Konzani AP imodzi, muione yabwerera pa dashboard, ndiye mupite pa ina. Njira yabwino koposa ndi kuchotseratu static IP, ma AP azitenga adiresi pa DHCP, inu n'kusungira AP iliyonse adiresi yake pa rauta pogwiritsa ntchito MAC, nambala yozindikiritsa chida chilichonse. Mukatero DNS mumaisintha malo amodzi basi.

Chenjerani ndi 8.8.8.8 imene mwaika kale mu DHCP ija. Kwa alendo ili bwino. Koma ngati makompyuta a ku reception ndi ku akaunti ali pa domain ya Windows, ayenera kufunsa seva ya mu ofesi, popeza Google sidziwa mayina a mkati mwa netiweki yanu. Mukawasiya choncho ayamba kuchedwa polowa ndi kusowa mafoda ogawana. Abwezereni DNS ya seva, ndipo sevayo, rauta ndi switch ya PoE (yopatsa ma AP magetsi) zikhale pa UPS, batire yothandiza magetsi akathima. Mu BIOS (makonzedwe a poyatsa) ya seva sankhani kuti iziyaka yokha magetsi akabwera.