Za chitsulo chotchinga njira chija, kuyankha asisi aku Manchester

Asisi, mwati amayi akuyendera wilitcheya ndiye kanjira ka m'mitengo kakuseri kwanu kali ndi chitsulo chija cha A-frame (chotchinga chooneka ngati chilembo A) polowera, wilitcheya siikwana, mukufunsa ngati pali chochita kapena muzingowazungulitsa kumsewu waukulu. Chochita chilipo ndithu, kungoti mukangolemba kuti "njira ndiyovuta" akuyankhani mwaulemu kwambiri kenako zii, mukuwadziwa anthu akuno.

Yambani mwafufuza mwini malowo chifukwa si njira zonse zili m'manja mwa khonsolo, zina ndi za bungwe la njira za njinga ndi oyenda pansi lomwe linkatchedwa Sustrans mpaka 2025 (pano ndi Walk Wheel Cycle Trust), zam'mbali mwa ngalande zija zambiri ndi za bungwe la Canal & River Trust. Yang'anani kachikwangwani polowera kapena funsani khansala wa dera lanu, mukalowetsa postcode pa webusaiti ya WriteToThem dzina lake lituluka pompo.

Kenako tengani tepi yoyezera mupite konko ndi amayi. Yezani mpata wa chitsulocho pansi ndi m'mwamba momwe, paja zimenezi zimapanikiza kumtunda, pena matayala amadutsa koma zogwirira kapena mapewa a munthu nkukodwa. Jambulani wilitcheya itaima pomwe yakanika, tepi ikuoneka. Ndipo musathere pachitsulo pokha, yendani kuchokera pakhomo panu mpaka mkati mwanjiramo muone ngati powolokera msewu anatsitsa simenti, ngati pali timiyala tija tomwe matayala aang'ono akutsogolo amatitimira, pomwe madzi amadikha mvula ikagwa, mizu yomwe yatukula tala, komanso ngati njira inapendekekera mbali imodzi. Chopendekekachi anthu oyenda ndi miyendo sitichiona nkomwe koma wokankha amafika dzanja limodzi litatheratu.

Polemba imelo ikanimo manambala awo omwe. Malangizo a boma a LTN 1/20 omwe anatuluka mu 2020 amati zotchinga zokhotakhota asamaike, ngati akufuna kuletsa magalimoto aike timapolo tosiya mpata wa mamita 1.5. Inclusive Mobility ya 2021 imati njira ikhale mamita 2 mulifupi kuti mawilitcheya awiri apishane, chitunda chisapose 1 pa 20, ndipo 1 pa 12 ndiye pothera, kamtunda kakafupi basi. Pamwamba pake tchulani lamulo la Equality Act 2010 lomwe limawakakamiza kukonza zinthu kuti aulumali asatsalire. Afunseninso ngati anaunika mmene chitsulocho chikhudzire aulumali asanachiike, mukafunsa kudzera pa Freedom of Information, lamulo lokupatsani ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma, khonsolo iyenera kuyankha m'masiku 20 ogwira ntchito.

Yankho lawo ndikuuzirenitu, adzati tinaika chifukwa cha anyamata a njinga zamoto. Vutolo lilipodi sindikukana, koma anyamatawo amangoinyamula njinga kapena kuboola mpanda penapake, amene amabwerera pachitsulo ndi agogo, mayi wa chikuku cha mapasa ndi munthu wa njinga ya matayala atatu. Nkhani ya njinga zamoto ndi ya apolisi. Ndipo muli ndi chitsanzo pakhomo pomwe, pa Fallowfield Loop, njira ya njinga ndi oyenda pansi ya ku Manchester konko, anayesera kutsegula zotchinga mu 2016 ndipo sanabwerere m'mbuyo. A Sustrans eni ake mu 2018 ananena kuti akufuna kuchotsa kapena kukonza zotchinga 16,000 pa njira zawo.

Akakuuzani kuti pali geti yam'mbali ya kiyi wa RADAR, kiyi wapadera wa aulumali uja, musafulumire kuvomera, ine zimenezo sindigwirizana nazo, munthu ali pa wilitcheya awerame, atsegule loko wadzimbiri, akankhe geti yolemera, atsekenso, pomwe ena akungodutsa akuimba foni.

Osalemba nokha. Pezani maneba atatu anayi aliyense alembe yake m'mawu ake, makamaka a zikuku za ana, komanso onani a Wheels for Wellbeing, bungwe la aulumali okwera njinga, nkhondo ya zitsulozi akhala akuimenya kwa zaka. Khansala muitaneni abwere pamalopo amayi alipo, mumupatse wilitcheyayo akankhe yekha.