Data ya umbanda wa ku England, ife itithandiza chani?

Funso: Akonzi, ndili pa koleji ina muno mu Blantyre, aphunzitsi atipatsa data ya kafukufuku wa umbanda wa ku England ndi Wales ati tiphunzirirepo kusanthula manambala pa pulogalamu ya pakompyuta ya SPSS, koma zoona ife a ku Ndirande tizikawerenga akuba a ku London?
Wophunzira, Ndirande

Yankho: Achimwene, musanyansidwe nayo. Kafukufukuyu anayamba mu 1982 akutchedwa British Crime Survey, amafunsa anthu m'makomo ngati anaberedwapo kapena kumenyedwa, ndiye amatola ndi milandu yomwe sinafike kupolisi. Taganizani, foni ikasowa mu minibasi ku Limbe ndi angati amakanena? Ambiri timangogula ina basi.

Fayilo mwapatsidwayo anaichepetsa dala, mafunso ambirimbiri anawachotsa kwatsala ochepa ngati zaka za munthu, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, komanso mantha oyenda usiku, mayina mulibe. Yambani kuwerenga kuti angati anayankha chani, kenako pangani tebulo muone ngati amayi amaopa mdima kuposa abambo. Koma samalani, mayankho mu fayiloyo amalembedwa ngati manambala, ndiye manambala ena amangoimira "sindikudziwa", mukawaphatikiza pa avereji mwaononga zonse, ambiri amagwera pomwepo.