Kodi luso lili pati m'filimu yomwe anthu amangokhala pansi n'kumacheza?

FUNSO: Akonzi, mnzanga anandikakamiza kuonera Tokyo Story, akuti ndi filimu yapamwamba kwambiri ya ku Japan. Ndinaonera mpaka kumapeto, koma anthu ake amangokhala pansi, kumwa tiyi, kuyankhulana motsitsa mawu. Palibe ndewu, palibe wokalipa. Nanga luso lake lili pati?
Wowerenga wathu

YANKHO: Zikomo pofunsa, ndipo mwachita bwino kuonera mpaka kumapeto. Chimene mukudandaula nachocho ndiye chimene ine ndimaikondera filimuyi.

Yasujiro Ozu, yemwe anatsogolera kujambula filimuyi, anaitulutsa mu 1953. Nkhani yake ndi yaifupi: bambo ndi mayi okalamba achoka ku Onomichi kukaona ana awo ku Tokyo, koma anawo atanganidwa, mpaka awatumiza ku Atami, tauni ya m'mbali mwa nyanja, kuti akapumeko, pamene zoona zake n'zakuti akuwaona ngati chipsinjo. Wowasamala ndi mtima wonse ndi Noriko yekha, mkazi wa mwana wawo amene anatsala kunkhondo.

Mukabwereza, yang'anitsitsani Chishu Ryu, amene akusewera ngati bambo wokalamba uja. Anabadwa mu 1904, ndiye kuti pojambula filimuyi anali asanakwanitse zaka 50. Koma taonani mmene wawereramira msana, mmene akudzikupizira mphepo mosathamanga, mmene amayambira wakhala chete asanayankhe. Munthu sungakayike kuti ndi gogo. Izi sizinangochitika zokha. Ozu ankabwerezetsa ochita sewero kambirimbiri, ngakhale pa kanthu kakang'ono ngati kunyamula kapu, mpaka zodzionetsera zonse zitatha. Kamera ankaiika pansi, pafupi ndi mikeka ya tatami, ndipo siyendayenda. Inu woonera mumakhala ngati mlendo amene wapatsidwa malo m'nyumbamo.

Kwa ine, katswiri weniweni ndi Haruko Sugimura, amene ndi Shige, mwana wamkazi wa okalamba aja, yemwe ali ndi saluni. Mayi ake atamwalira akulira ndithu, misozi yeniyeni. Mwambo wa maliro utangotha, ali pa chakudya, akuyamba kufunsa zovala za malemu zoti atenge. Sakusintha nkhope kuti aoneke woipa, akungoyankhula ngati nkhani wamba. N'chifukwa chake zimapweteka: tonse tinamuonapo munthu wotere, ndipo si mfiti ayi.

Setsuko Hara, yemwe ndi Noriko, amamwetulira pafupifupi paliponse. Musanyengedwe nako kumwetulirako. Onani maso ake pamene apongozi ake akumuuza kuti akwatiwenso, ndiponso pamene akumupatsa wotchi ya malemu. Apo m'pamene zonse zimene anabisa zikutulukira, manja ali kumaso.

Si mafilimu onse akale a ku Japan ali chonchi. Toshiro Mifune mu Rashomon ya Akira Kurosawa, ya mu 1950, amakuwa ndi kudumpha, ndipo nalonso ndi luso. Koma ngati mukufuna kuzolowera za Ozu, pezani Late Spring ya mu 1949. Mmenemo Ryu ndi Hara ndi bambo ndi mwana wake, ndipo foni muiike kutali, chifukwa mukangoyang'ana kumbali mwaphonya.