Kusamuka ku Leeds kupita ku Glasgow digiri isanathe: visa yanu siyisamuka nanu

Mtsikana wina wandilembera kuchokera ku Leeds, ku England. Ali m'chaka choyamba cha digiri yake, ndipo akuti maphunzirowo sakumukomera. Yunivesite ina ku Glasgow, ku Scotland, yamupatsa malo oti akayambe mu September. Funso lake ndi lakuti, poti visa yake idakali ndi zaka ziwiri, kodi angangolongedza katundu n'kukwera sitima?

Achemwali, musalongedze kaye.

Visa ya wophunzira ku UK imamangiriridwa ku sukulu imodzi. Mukukumbukira nambala ija ya CAS imene a ku Leeds anakutumizirani musanapemphe visa? Nambala imeneyo ndiyo inauza a Home Office, unduna woona za olowa m'dziko la UK, kuti sukulu iyi ndiyo nkhoswe yanu. Zaka ziwiri mukuziwerengazo n'zophunzirira ku Leeds komweko. Kuti mulowe m'kalasi ku Glasgow pafunika CAS yatsopano yochokera kwa iwo, ndiponso pempho latsopano la visa, lolipira mwatsopano.

Tsono pali lamulo lina limene limagwetsa ambiri. Kuti mupemphe visa yatsopano muli m'dziko momwemo, muyenera kusonyeza kuti maphunziro amene anakupatsirani visa yoyamba munawamaliza, ndipo atsopanowa akukupititsani patsogolo. Amene wamaliza digiri yoyamba n'kumafuna masitazi pa sukulu ina, njira yake ndi yosalala. Inu simunamalize, ndipo mukuchoka pa digiri yoyamba kupitanso pa digiri yoyamba. Munthu wotere kawirikawiri amayenera kutuluka m'dzikomo n'kukapemphera kwawo. Kwa inu ndiye kuti ulendo wa ku Lilongwe, kukajambulitsa zala ndi nkhope ngati poyamba paja, n'kudikira yankho, lomwe nthawi zambiri limatenga milungu itatu. Kumudzi akakondwa kukuonani, koma tikiti ya ndege sakakulipirirani.

Kupemphera kunja kumabwezanso nkhani ya ndalama. Amene wakhala mu UK miyezi 12 ndi visa yabwinobwino, akamapempha ali momwemo safunsidwa za ku banki. Mukatuluka, mwayi umenewo mwausiya pabwalo la ndege. Mudzasonyeza fizi ya chaka choyamba kuphatikizapo ndalama yodzisamalira ya miyezi 9, ndipo zonsezo zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana, osatsika ngakhale tsiku limodzi. Ife Amalawi timadziwa kubwerekana: amalume aikamo lero, mawa atapamo pang'ono za feteleza, mkuja abweza. Pa sitetimenti zimenezo zimaoneka, ndipo pempho limakanidwa. Onjezanipo ndalama ya zaumoyo, imene kuyambira February 2024 ndi £776 pa chaka chilichonse cha visa, yolipiriratu yonse nthawi imodzi. Digiri ya ku Scotland nthawi zambiri imakhala ya zaka zinayi, choncho chulukitsani nokha, kenako muisinthe m'makwacha mutakhala pansi.

Zaka zinayizo zikundifikitsa pa china. Pa digiri yoyamba, visa ya wophunzira ili ndi malire a zaka zisanu zonse pamodzi. Chaka cha ku Leeds chiwerengedwa. Chimodzi kuphatikiza zinayi, mwafika kale pa mpanda, popanda malo obwerezera mukadwala kapena mukalephera mayeso. Afunseni a ku Glasgow ngati angakulandireni m'chaka chachiwiri potengera zimene mwakhoza kale. Sukulu zambiri za ku Scotland zimatero maphunziro akakhala ofanana, ndipo zingakupulumutsireni fizi ya chaka chathunthu.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse kuposa zonse ndi dongosolo la zochita, chiti chiyambe, chiti chitsatire. Tsiku limene mwasaina kalata yosiya sukulu ku Leeds, iwo ali ndi masiku 10 ogwira ntchito oti adziwitse a Home Office. Kenako visa yanu imafupikitsidwa, nthawi zambiri kufika pa masiku 60. Uthenga wake umatha kubwera pa imelo, mwina ija munalembetsa kalekale imene simuitsegulanso. Makadi a BRP aja, osonyeza chilolezo chanu chokhala mu UK, anatha ntchito pa 31 December 2024, zonse tsopano zili pa eVisa, visa ya pa intaneti, choncho lowani mu akaunti yanu ya UKVI, nthambi ya Home Office yoona za ma visa, muone ngati imelo ndi nambala ya foni zili zolondola. Ganyu wa maola 20 pa mlungu uja visa ya wophunzira imakulolani nayenso amayendera limodzi ndi maphunziro. Mukasiya sukulu, siyaninso ntchito, ngakhale abwana atakunyengererani bwanji.

Ndiye ine ndikanakhala inu, ndikanamaliza chaka chino bwinobwino, kulemba mayeso onse ndi kutenga chikalata cha magiredi. Kalata yongokupatsani malo si CAS, ndipo sukulu imatha kukupatsani malo koma n'kukana kupereka CAS ikaona mbiri ya visa yanu. Auzeni zoona zonse za ku Leeds, chifukwa adzafunsa. Akakutsimikizirani polemba kuti CAS ikubwera, apo ndiye mukatsanzike ku Leeds. CAS imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi ndipo imagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha, choncho pempho likakanidwa mufunikanso ina.

Mumafunsanso ngati mukayezetsenso TB. Ngati mwakhala mu UK miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, ndipo simunathe miyezi isanu ndi umodzi chichokereni, chikalatacho sichifunika. Tchuthi cha June mpaka September chikukwanira.

Musanachite chilichonse, pitani ku ofesi yothandiza ophunzira akunja pa sukulu yanu yomweyo. Ndi yaulere, ndipo kufunsa sikutanthauza kuti mwasiya sukulu. Bungwe la UKCISA nalonso lili ndi foni yolangizira ophunzira akunja. Mukapita, mukafunsenso ngati pa Leeds pomwepo palibe maphunziro ena amene mungasinthireko, chifukwa nthawi zina kusintha maphunziro pa sukulu yomweyo kumatheka popanda visa yatsopano.