Za sukulu ya chikhristu kuno ku Lusaka

Amayi, mwafunsa ngati n'koyenera kuchotsa ana anu ku sukulu ya boma n'kuwapititsa ku sukulu ya chikhristu. Choyamba, sukulu zimenezi zili mitundu iwiri. Pali za mishoni zothandizidwa ndi boma, monga Roma Girls ndi Matero Boys za Akatolika, komwe aphunzitsi ambiri amalipidwa ndi boma. Kumeneko vuto ndi malo, chifukwa mwana amalowa akakhoza bwino mayeso. Ndiye pali za eni ake, zomwe zangoti mbwee m'makomboni, zina zili m'nyumba wamba yopakidwa vesi pageti.

Zachiwirizi ndiye muchenjere nazo. Funsani ngati inalembetsedwa ku Unduna wa Maphunziro, komanso ngati ili ndi nambala ya senta ya mayeso ya ECZ, bungwe loyendetsa mayeso muno mu Zambia. Ikapanda, ana amakalembera kwina ndipo ndalama zina zimatulukira pomwepo. Pitani tsiku la sukulu osanena, muone zimbudzi, mupemphe kope la mwana mmodzi muone ngati aphunzitsi amachonga. Kuimba makorasi m'mawa ndi kwabwino, koma mwana wa giredi 3 aziwerenga ndithu.

Funsaninso chiphunzitso cha mpingo wawo, makamaka ngati inu mumapemphera Loweruka kapena simuli Akatolika.

Kumbukirani kuti kuyambira 2022 sukulu za boma ndi zaulere, ndipo phunziro la chipembedzo amaphunzitsa kumenekonso. Makalasi ndi odzaza, inde. Koma ngati fizi ndi minibasi tsiku lililonse zikuthetsani ndalama ya ufa, ine ndikanawasiya komweko n'kulimbikira Sande sukulu.