Mayi April Ryan akhalitsa bwanji ku White House?

Mtsikana wina amene akuphunzira utolankhani wanditumizira imelo. Akuti adaona Mayi April Ryan pa kanema akupanikiza mneneri wa boma la America ndi mafunso, ndiye akufunsa kuti mayiwa ndani, nanga munthu amakhalitsa bwanji pa ntchito yotere osagulidwa ndi andale kapena kugwa ulesi.

Achemwali, mayiwa ndi mtolankhani wakuda wa ku America, adabadwira mumzinda wa Baltimore mu 1967 ndipo adaphunzira pa yunivesite ya Morgan State. Ku White House, nyumba ya pulezidenti wa America, adayamba kutolako nkhani mu 1997, Bill Clinton ali pampando, ndipo apulezidenti akhala akusinthana, Bush, Obama, Trump, Biden, iwo ali pomwepo ndi kope lawo.

Chimene chawasunga, mmene ndikuonera ine, n'chakuti amadziwa amene adawatuma. Kwa zaka zoposa 20 ankagwirira ntchito American Urban Radio Networks, imene omvera ake ambiri ndi anthu akuda. Akaimika dzanja, amakhala atanyamula funso la omvera aja: ntchito, ufulu wovota, nkhanza za apolisi. Mtolankhani wofunsa kuti akondweretse bwana wapampando amatha limodzi ndi bwanayo, koma omvera sachoka chisankho chikadutsa.

Musaganize kuti ntchitoyi yakhala yofewa. Mu February 2017 adafunsa Trump ngati adzakumane ndi gulu la aphungu akuda a ku Congress, nyumba ya malamulo ya America. Iye adawafunsa ngati aphunguwo ndi anzawo, n'kuwauza kuti akonze msonkhanowo iwowo, ngati kuti mtolankhani wakuda ndi mthenga wa andale akuda onse. Mwezi wotsatira mneneri wa boma Sean Spicer adawadzudzula pagulu kuti asiye kupukusa mutu. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, chifukwa mayiwa anali atatha zaka 20 m'chipinda cha atolankhani cha ku White House. Pambuyo pake kudabwera owaopseza kuti awapha, moti adachita kupeza mlonda.

Muwerengenso za Alice Dunnigan, amene adalambula njirayi. Ndiye mayi wakuda woyamba kuloledwa kutola nkhani ku White House, mu 1948. Pulezidenti Eisenhower adatopa ndi mafunso ake okhudza tsankho, n'kutha zaka osamuloza ngakhale aimike dzanja. Mayiyo sadasiye kupita. Mu January 1961, pa msonkhano woyamba wa Pulezidenti John Kennedy ndi atolankhani, Kennedy adamuloza, ndipo iye adafunsa za alimi akuda a ku Tennessee amene ankathamangitsidwa m'minda chifukwa cholembetsa kuvota.