Tingadziwe bwanji kuti maphunziro a zakugonana akuthandizadi achinyamata?

Mayi wina amene amaphunzitsa achinyamata za kugonana ndi uchembere wabwino wanditumizira imelo. Akufunsa ngati anganene kuti ntchito yawo yapindula, popeza achinyamata amene anawapatsa mafunso maphunziro asanayambe anakhoza bwino kwambiri atawafunsanso pamapeto.

Mayi, zimene mwapezazo zikusonyeza kuti anawo anamva zimene munawaphunzitsa, koma sizikutiuza ngati khalidwe lawo lasintha. Kafukufuku wa MEMA kwa Vijana, pologalamu yophunzitsa achinyamata za kugonana, amene anachitika m'chigawo cha Mwanza ku Tanzania, anaonetsa zimenezi poyera. Madera 20 anagawidwa mwamaere, 10 n'kulandira maphunziro, ena 10 ayi. Patatha zaka zitatu, amene anaphunzitsidwa ankadziwa zambiri ndipo onena kuti amagwiritsa ntchito makondomu anali ochulukirapo kuposa m'madera enawo, koma atawayeza, HIV ndi mimba sizinachepe, ndipo atawalondolanso mu 2007 ndi 2008 anapeza zomwezo. Komweko kunapezekanso atsikana oyembekezera kapena odwala matenda opatsirana pogonana amene ankayankha kuti sanagonepo ndi mwamuna. Sindikuwadzudzula, chifukwa pa nkhani yochititsa manyazi chonchi mwana amayankha zimene akuganiza kuti wamkulu akufuna kumva, makamaka wofunsayo akakhala mphunzitsi wake yemweyo.

Izi sizikutanthauza kuti maphunziro ndi achabe. Ku South Africa, zotsatira za pologalamu ya Stepping Stones, yophunzitsa achinyamata kupewa HIV, zimene zinatuluka mu 2008 zinasonyeza kuti otenga kachilombo ka HSV-2, koyambitsa zilonda kumaliseche, anachepa pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ngakhale kuti pa HIV panalibe kusintha.

Inu simungathe kuyeza magazi a anthu masauzande, komabe pali zimene mungachite. Pezani gulu lina lofanana ndi lanu limene silinaphunzitsidwe, chifukwa popanda poyerekezera simungasiyanitse ntchito yanu ndi kusintha kumene kumabwera mwana akamakula. Mafunso aziyankhidwa mwachinsinsi, popanda kulemba dzina, ndipo awatolere munthu wina osati inu. Kenako tsatirani zinthu zowerengeka kwa chaka kapena ziwiri: atsikana osiya sukulu chifukwa cha mimba, ndi achinyamata opita kuchipatala kukatenga njira zolerera kapena kukayezetsa. Musadabwe chiwerengero cha opezeka ndi matenda chikakwera poyamba, popeza oyezetsa akachuluka, matenda amene anali obisika amayamba kulembedwa m'kaundula.